Kabowo ka Mafuta

Abale, taimani pang'ono, tione moyo wina wosachita phokoso. Kumpingo kwathu kuli bambo ena amene amakhala pabenchi ya kumbuyo, ndipo tonse timangowatchula kuti a Wamagiya.

Ntchito yawo ndi kujambula mapulani a mabokosi a magiya a makina, m'kachipinda kopanda zenera ka pafakitale. Tsiku lina anandionetsa chojambula chawo. Giya ya pakati amaitcha dzuwa, timagiya toizungulira ndi mapulaneti, ndipo zonsezo zimayenda zitatsekeredwa mumkombero wa mano. "Kamodzi kakatha mano," anatero, "wokonza amasule mabawuti, achotse komweko, aike kena. Bokosi lonse lisafere kagiya kamodzi."

Mwini fakitale sanagwirizane nazo.

"Mabawuti achiyani, akulu? Chivundikirocho chiwotchereredwe. Likafa, agule lina."

"Nanga wokonza adzalowera pati, bwana?"

"Adzalowere kusitolo. Kodi tikumanga tchalitchi, kuti pakhale khomo?"

Tsono nyumba imene a Wamagiya amakhalamo ndi ya fakitale, ndipo m'menemo mwagona mkazi wawo, amene anafa ziwalo. M'mawa uliwonse amawatembenuza ndi kuwadzoza mafuta kumsana, kuti pasatuluke zilonda. Kukana lamulo kukanakhala kutaya ntchito, ndi kutulutsa wodwalayo panja pamodzi ndi mphasa yake. A Wamagiya nawonso anali kapulaneti: kufakitale, kuchipatala, kunyumba, mkombero womwewo.

Anafufuta mabawuti aja, mtima ukuwawa, najambula mzere wowotcherera.

M'mawa mwake, akudzoza, anawauza mayiwo zonse. Iwo anaseka pang'ono. "Bambo a kuno, inu ziwalo zanga simungazisinthe ngati magiya anuwo. Koma mumandidzoza, ndipo ndikadalipo."

A Wamagiya anabwerera kwa bwana, chipewa chili m'manja, napempha chinthu chimodzi: kabowo kothirirapo mafuta, kokhala ndi chotsekera chake.

"Kabowo kokha? Tengani, abusa, musatilalikire."

Khomo sanawapatse. Mabokosiwo amatuluka ali owotcherera mpaka lero, kachipinda kaja sikanapeze zenera, ndipo mayi aja sanadzuke. Koma mano amene alandira mafuta sakukutika msanga.

Iye amene anakunkhuniza mwala pamanda awakumbukire a Wamagiya ndi mkazi wawo. Ndipo inu owerenga, ngati nanunso mwatsekeredwa mumkombero wanu, kufikira tsiku limene adzatsekule khomo, akusiyireni kabowo, mafuta ake asaleke kudontha pa inu. Ameni.