Singano Imene Inatsala M'nsalu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, amene ankaphika pa loji ina ya m'mbali mwa msewu waukulu ku Katete. Mayeso a sukulu anali asanandikomere, ndipo ndinkangokhala kwathu kufupi ndi Mkaika, kuthandiza kukolola thonje ndi kuswa nshawa. Nyengo ya mwambo wa Kulamba itayandikira, alendo anayamba kusungitsa zipinda ndipo kochapira kunkafunika munthu wina. Azakhali anandiimbira foni. "Ubwere mawa, Esinati. Uwenge zikhadabo."

Woyang'anira kochapira anali Anaphiri, mayi wamfupi, wa imvi, wosalankhula zambiri. Za satifiketi sanafunse. Anandipatsa nsalu ya patebulo yonyowa nati ndikaiyanike. Ndinaikutumula, ndinawongola m'mphepete mwake, n'kuipanira pachingwe. Iwo anayang'ana, anasuntha pegi imodzi, kenako anati, "Uyambe lero."

Ndinkaona ngati kuchapa ndimakudziwa kale. Kumudzi timafikisa, timamenyetsa pamwala, timafinya mpaka madzi atheretu. Pa loji ndinapeza kuti nsalu zoyera za patebulo ndi maseviyeti opukutira pakamwa zili ndi malamulo ake. Tinali ndi mabeseni akuluakulu, makina ochapira amene ankagwira ntchito magetsi akakhalapo, mbaula, ketulo yaikulu, nsimbi yamagetsi ndi ina ya makala. Pashelefu pankakhala sopo wamtanda, sopo wotsukira mbale, mchere, soda, viniga ndi buluu wowalitsira nsalu zoyera. Kuseri kwa chipindacho kunali mtengo wa mandimu umene Anaphiri ankauteteza ngati mwana.

Banga lililonse lili ndi njira yake. Magazi amafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amawaphika n'kuwakhazikitsa. Mafuta a nkhuku ndi msuzi wa tomato timayamba tadonthezapo sopo wa mbale, kenako madzi ofunda. Vinyo kapena madzi a zipatso, timakunga nsalu pamwamba pa beseni n'kuthira madzi owira kuchokera m'mwamba, ndipo banga limathawa ukuona. Phula la kandulo timalipala ndi nsana wa supuni, kuikapo pepala lakhaki, n'kudutsapo ndi nsimbi kuti pepalalo limwe. Nsalu ya banga sitiisita, chifukwa nsimbi ikadutsapo ndiye kuti bangalo lamanga nyumba. Nsalu yachinyezi sitiipinda, chifukwa imachita chuku. Sitachi tinkapanga tokha: kupala chinangwa, kuchifinya m'madzi, kudikira kuti zoyera zikhale pansi, n'kuziphika mopyapyala. Jiki ankakhala m'kabati yokhoma. "Jiki sachapa," Anaphiri ankatero. "Amadya."

Tsiku limene ndimalikumbukabe linali Lachisanu la mwezi wa Disembala, mvula itagwira. Mawa lake mu holo ya pa loji munali phwando la ukwati, ndipo ife tinali titaunjika kale nsalu zositasita. M'mawa umenewo amanejala anabwera kuseri ndi anthu awiri: bambo wamtali wachikulire atavala jekete, ndi mtsikana atanyamula kamtolo kokulunga m'chitenje. Bamboyo anali aMwale, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Vubwi. Mtsikanayo anali mwana wawo Chisomo, mkwatibwi wa mawa.

AMwale analankhula mwapang'onopang'ono. Akazi awo, amayi ake a Chisomo, anali atamwalira zaka zingapo zapitazo. Akudwala ankasoka nsalu ya patebulo, ndipo ankanena kuti idzayalidwa patsogolo pa mwana wawo tsiku la ukwati. Maliro atatha, aMwale anaipinda n'kuiika m'sutikesi yachitsulo, ndipo mtima sunawalole kuitsegulanso mpaka sabata imeneyo. Sankadziwa kuti denga linkadonthera pomwepo.

Chisomo anamasula mtolowo. Nsalu inali itachita chikasu. M'mphepete mwina munali timadontho takuda ta chuku. Koma choopsa chinali dzimbiri: mzere wofiirira wautali ngati chala, wobwerezabwereza pa mpindo uliwonse, wakuda kwambiri pangodya imodzi ndi kumapepuka kupita kwina.

"Tinaganiza zoiviika mu jiki, koma tinaopa," anatero Chisomo.

"Munachita bwino kuopa, mwanawe," Anaphiri anayankha. "Dzimbiri likakumana ndi jiki silichokanso."

Anasamba m'manja, anayala nsaluyo patebulo lositira, n'kuyamba kuyendetsa zikhatho zawo pamwamba pake, maso atatsinzina. Anayenda nayo m'mphepete monse. Atafika pangodya yakuda ija anaima.

"Esinati, bweretsa sosa, kambale koikapo kapu."

Pangodyapo panali singano. Inali itabayidwa m'nsalu molowa ndi kutuluka, monga amachitira wosoka akafuna kupuma pang'ono, ndipo ulusi woyera unali ukadali pabowo pake. Dzimbiri linali litaidya mpaka kufanana ndi kamtengo kouma. Mizere yonse ija inali chithunzi chake, chodutsa mpindo ndi mpindo.

AMwale anafunafuna pokhala, nakhala pa ndowa yovundikira. "Ndiye pamene analekezera," anatero.

Anaphiri anagwada pafupi nawo. "Abambo, ndisakunamizeni. Kwinaku ndiyesetsa. Koma pamene pagona singanopa ulusi wa nsalu wadyeka. Pakhoza kubooka m'manja mwathu. Mukundilola?"

AMwale anayang'ana mwana wawo. Chisomo anapukuta m'maso nati, "Yesani, amama. Ikakhala chonchi sitingaiyalenso."

Atapita, tinayamba. Anaphiri anadula kansalu kopyapyala koyera n'kukasokerera mwapatalipatali kunsi kwa ngodya ija kuti kaigwirizize. Ananyowetsa singano ndi madzi a mandimu n'kumaikankha ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Inatuluka zidutswazidutswa, ndipo chilichonse anachiika m'sosa. Ine anandituma kumtengo wa mandimu uja. Ndinathyola mandimu odzaza beseni laling'ono, kuwafinya, ndi kusefa madzi ake pa kansalu kuti njere ndi zamkati zisatsale. Pa mzere uliwonse wa dzimbiri tinadonthezapo madziwo n'kuwazapo mchere wosalala.

Mankhwala amenewa sagwira ntchito popanda dzuwa, ndipo kumwamba kunali bii. Tinayala shiti yoyera pa kapinga, nsalu ija pamwamba pake, n'kumadikira. Sipanatenge nthawi, mvula inayamba kuwaza. Tinanyamula shitiyo m'makona n'kuthamangira nayo pakhonde. Itakata tinatulutsanso, ndipo inabweranso. Magetsi nawo anazima. Ophika ankatiseka pawindo kuti tikuvina ndi nsalu. Mandimu analowa m'timabala ta m'zala zanga mpaka misozi inalengeza, koma Anaphiri sanaoneke otekeseka. Ankangoyang'ana chakum'mawa, manja ali m'chiuno.

Chamasana mitambo inang'ambika ndipo kunatuluka dzuwa lija loswa mtengo limene limabwera mvula ikangokata. "Gwada apo, usachokepo," anandiuza. "Pakayamba kuuma, donthezanso."

Ndinagwada, ndipo zimene ndinaona sindinaziiwale. Mzere wofiira unayamba kufanana ndi tiyi wamkaka. Kenako unakhala ngati phesi louma. Kenako ndinkaufunafuna osaupeza. Palibe amene anafikisa, palibe amene anapala. Dzuwa lomwe lija limene linkandiwotcha m'munda wa thonje linkanyambita dzimbiri mzere ndi mzere, ine ndikuyang'ana. Timadontho ta chuku natonso tinkazilala. Ndinatembenuka kuti ndiwaitane Anaphiri, ndipo ndinapeza ataima kumbuyo kwanga akumwetulira, ngati nawonso akuziona koyamba.

Panatsala ngodya ija. Pamenepo dzimbiri linakana. Anaphiri anateleka ketulo pambaula, ndipo itawira anandiuza kuti ndigwire nsalu mbali ziwiri pamwamba pa mlomo wake, kuti nthunzi idutse pabanga iwo akudontheza mandimu. Nthunzi inandiwotcha zala. Poopa kugwetsa nsalu ndinaikunga kwambiri, ndipo ndinamva kanthu kakuti thu pansi pa chala changa. Ulusi umodzi unali utaduka.

"Fewetsa manja," anatero Anaphiri motsitsa mawu. "Khazika mtima pansi. Gwira ngati ukugwira khanda."

Ndinafewetsa. Banga linapepuka, linapepukanso, mpaka linatsala kamthunzi kotuwa kofanana ndi njere ya mpunga. Ine ndinali nditatenga kale ndimu lina.

"Basi," iwo anati.

"Koma amama, likuonekabe."

"Ndikuliona. Tikapitiriza tichotsa nsalu, osati dzimbiri."

Tinaitsukuluza kambirimbiri m'madzi ozizira, ndi soda pang'ono kuti mphamvu ya mandimu ithe. Tinaichapa ndi sopo wamtanda mongoipsinja, osafikisa. Tinaiviika m'madzi a buluu opepuka, kenako mu sitachi wopyapyala, n'kuikulunga m'thawulo kuti limwe madzi, chifukwa kufinya kukanaing'amba. Magetsi anali asanayakebe, choncho ndinakoleza nsimbi ya makala. Anaphiri anaipukuta pansi pake, anaiyesa pa chiguduli, anayala thawulo lochindikala, n'kugoneka nsalu chafufumimba kuti aisite kumbuyo. Ine ndinkaima pambali ndi kansalu konyowa, maso ali pa phulusa kuti lisagwere.

Atamaliza anati, "Gwira uko, titembenuze."

Tinaitembenuza. M'mawa ndinali nditaona kuti m'mphepete muli zosokasoka, koma ulusi woyera pa nsalu yachikasu ndi yamakwinya sunkaoneka kuti ndi chiyani. Tsopano thawulo ndi nsimbi zinali zitazitukula. Kuzungulira nsalu yonse kunali munda. Panali thonje litaphulika m'makoko ake, masamba a nshawa awiriawiri, maluwa a maungu ndi timphukira take topotana, ngakhale kachiwala katatera pa tsamba. Zonse zoyera pa choyera, zooneka kuwala kukagwera cham'mbali. Ine ndinakulira m'thonje, linandilasa zala chaka ndi chaka, koma sindinkadziwa kuti ndi lokongola chotero mpaka ndinaliona m'manja mwa mayi amene sindinakumanepo naye. Pangodya ija panali duwa la dzungu losokedwa theka, ndipo kaulusi kanali lende pamene dzanja linaimira.

AMwale anabwera dzuwa lisanalowe. Atalowa anavula chipewa. Anazungulira tebulo lonse manja ali kumbuyo, ngati akuyendera munda weniweni. Anaphiri anawaonetsa kamthunzi kamene kanatsala ndi ulusi umene unaduka, osabisa kanthu, ndipo anawauza kuti mumsika muli mayi wina wodziwa kusoka amene angamalize duwalo.

"Ayi, amayi," anatero aMwale. "Lisiyeni pomwe analisiyira."

Chisomo anagwira kaulusi kaja ndi nsonga ya chala. "Ngodya iyi ikhale mbali yanga," anatero. Zidutswa za singano tinaziika m'kabokosi ka machesi, ndipo bambo aja anakalowetsa m'thumba la pachifuwa.

Loweruka ndinasuzumira pakhomo la kukhitchini. Anthu ankavina, azimayi ankalulutira, ndipo mkwatibwi anakhala dzanja lake lili pangodya ya tebulo.

Lolemba nsaluyo inabwereranso kwa ife kuti tiichape asanapite nayo ku Vubwi. Inali ndi mafuta a nkhuku, mabwalo a makapu a tiyi, ndi zala za mwana wina amene anadya keke. Ndinapsa mtima. "Amama, taonani zimene achita anthuwa!"

Anaphiri anaseka mpaka anagwira tebulo. "Iwe, mwini wake sankasokera sutikesi. Anthu adyerapo. Teleka madzi."

Lero ndimachapa ndi kubwereketsa nsalu za maukwati ku Sinda, ndipo ndili ndi anzanga amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi. Za mchere, mandimu ndi madzi owira amazigwira msanga. Chimene chimawavuta, monga chinandivutira ine, ndi kuleka. Banga likatsala pang'ono, dzanja limayabwa kuti ufikisenso kamodzi kokha, ndipo kamodzi kameneko ndiko kamaboola. Ndikaona wina watenga ndimu lina nsalu itatopa kale, ndimamugwira dzanja n'kumuuza kuti basi, tsukuluza, ikayalidwe anthu akadyerepo.