Bulu wa Miyendo Itatu

Mawu akuti "easel" ndinawaphunzira kwa mayi wina wachizungu amene ankajambula mapiri a ku Fort Jameson ndi utoto, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Nsalu yojambulapo ankaitsamiritsa pa chimango cha miyendo itatu. Anandiuza kuti Angerezi anabwereka mawuwo kwa Adatchi, amene amati "ezel", ndiko kuti bulu, popeza ntchito ya chinthucho ndi kusenza katundu mosadandaula. Pochoka anandisiyira chimangocho, ndipo ine, mphunzitsi wongoyamba kumene, ndinachisenza mpaka kusukulu yanga ya kumudzi, kufupi ndi Chiparamba, ndi kuikapo bolodi lolembapo ndi choko. Ana ankachitcha bulu wa aphunzitsi. Sindinawakonze, pakuti sanalakwe.

M'mudzi monsemo munalibe thabwa lina lopala koma bolodilo. Zitseko zonse zinali za mapesi.

Mvula ili pakati, mtsikana wina wa m'kalasi langa anamwalira. M'mawa mwake atsibweni ake anafika pasukulu, nakhala pansi chapatali, nawomba m'manja.

"Aphunzitsi, mwanayu anali wobatizidwa. Amayi ake akukana zomukulunga m'mphasa, akufuna bokosi. Tabwera kudzapempha thabwa lija."

"Bambo, bolodi si langa ayi. Woyendera masukulu akapeza palibe, adzatseka sukulu ino, ana onsewa n'kukhala pakhomo."

"Tamva, aphunzitsi. Nanga amayi ake tikawauze chiyani?"

Ndinalowa, ndinatuluka, ndinazungulira nyumba ya sukulu, ndinalowanso. Ndinayesa kuganiza zopita ku boma kukafuna matabwa, koma mitsinje inali yodzaza ndipo maliro sakanadikira. Ndinayang'ana bulu, koma miyendo yake yowonda sikanakwana ngakhale chivundikiro. Kunja atsibweni aja sanasunthe, ndipo kulira kwa kusiwa kunkamveka bwino lomwe. Pomaliza ndinafufuta ziganizo za dzulo lake, ndinatsitsa bolodi, ndi kuwapatsa. Analicheka, naonjezera nsungwi pamene linaperewera, mbali yakuda naiyang'anitsa mkati.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale pansi. Njinga iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaiyesa ya woyendera. Anafikadi mvula itatha, napeza ana akulemba ndi zala pamchenga. Sukulu sanaitseke, koma ine anandisamutsira ku Chipangali, nati ndinazolowerana ndi anthu mopitirira muyeso.

Tsiku lochoka, amayi a mwana uja anandiperekeza mpaka pamtsinje, atasenza mtolo wa zofunda zanga.