Nambala Zaumbombo ndi Mai Wailesi

M'mawa uliwonse, asanayatse makina, Achemwali a Fotokope amayamba atsuka kiyibodi ndi mswachi wakale. Amapita batani ndi batani ngati akutsuka mano a mwana, kenako n'kuuzira fumbi. Kompyutayo ndi ya mwini shopu, koma amaisamala kuposa mbale zawo za alendo. Khanda lawo amaligoneka m'katoni ya mapepala pansi pa tebulo, atayalamo kabulangete.

Ntchito yawo ndi kutayipira anthu makalata ndi kupanga fotokope. Sukulu analekezera panjira. Koma masana, makasitomala akachepa, ankadziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu a kompyuta pa intaneti. Ndiye kunamveka kuti bungwe lina likufuna anthu oti liwaphunzitse ntchitoyi ulere. Silinkafunsa satifiketi. Linangopereka funso limodzi: amene pulogalamu yake iyankhe molondola Lachisanu lisanathe, malo ndi ake.

Funsolo linali la nambala zimene sizigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Achemwali ankazitcha nambala zaumbombo. Amakupatsa ziwiri zoterozo, iliyonse ya madijiti anayi. Uchoke pa yoyamba ukafike pa yachiwiri, ukusintha dijiti imodzi yokha nthawi iliyonse, ndipo paliponse pomwe waponda pakhale pa nambala yaumbombo. Kuchoka pa 1009 ungaponde pa 1019, koma pa 1029 ayi, imeneyo imagawika ndi 3. Pamwamba pa izo, pulogalamuyo ipeze njira yachidule kuposa zonse.

Yawo inkayenda ngati chidakwa. Ikagwira njira imodzi inkangopita nayo, kubwerera pomwe yachoka, kuzungulira pomwepomwepo, mpaka kompyuta kutentha, kafani kake kulira, khanda kudzuka.

Za mayesowa sanauze munthu, ngakhale bambo a mwana. Koma Lachisanu m'mawa mtima unawalemera, ndipo anawatsina khutu Mai Wailesi, a saluni ya khomo loyandikana. Anawapempha kuti zithere pomwepo.

Dzuwa lisanafike pamutu, foni inalira. Anali apongozi awo, amene amakhala kutsidya kwa tauni.

"Ndamva mukubwerera kusukulu, mayi a mwana. Nanga khandalo mulilembetsanso?"

Achemwali anangoti, "Tiona, amayi," nkhope ikuyaka. Anadula foni n'kulowa mu saluni.

"Mai, m'mawa muja ndinati chiyani?"

"Ine kwa apongozi anu sindinapondeko, mwana wanga," anatero Mai Wailesi, zala zili m'tsitsi la kasitomala. "Ndinangouza apafupi okhaokha: awa ndikuwalukawa, atelala, ndi wamayunitsi. Iwonso anauza apafupi awo. Nkhani imayenda choncho. Amene anafikitsa kwa apongozi anu ine sindimudziwa."

"Ndiye msewu wonse uno mwauza?"

"Musandinamizire. Wokonza nsapato ndamusiya. Ndisanamalize n'komwe akuti, 'Ndamva kale.' Munthu wamva kale umuuziranjinso? Kutaya malovu."

Achemwali anaima pakhomopo. Anayang'ana msewu: atelala, wamayunitsi, wokonza nsapato, aliyense pa khomo lake.

"Tabwerezani, Mai."

"Ziti, za malovu?"

Achemwali anali atachoka kale.

Anakhala pa kompyuta, khanda likuyamwa kudzanja lamanzere, lamanja likutayipa. Anafufuta chidakwa chija chonse. Tsopano nambala yoyamba inakhala Mai Wailesi: iuze kaye zaumbombo zonse zoyandikana nayo, zija zosiyana nayo dijiti imodzi. Zomwe zamva ziime pamzere, iliyonse idikire nthawi yake youza apafupi ake. Yomwe yamva kale aiike chizindikiro, isauzidwenso. Ndipo iliyonse isunge kuti nkhani yadutsa pakamwa pangati kuti iipeze. Nkhani ikangofika koyamba kwa nambala yomaliza, kwa apongozi, njira yachidule ndi imeneyo, chifukwa zazitali zonse zikadali m'mbuyo.

Ali mkati, kunalowa bambo wina ndi mulu wa mapepala a tchalitchi. Anawapangira fotokope mpaka makina kutentha, maso ali kukhomo komwe mthunzi unkatalika. Bamboyo anayamba kufotokoza za kwaya yawo. Achemwali ankangoti "eya, eya," milomo ikubwereza mizere ya pulogalamu yomwe sanalembebe kuopa kuiiwala.

Atatuluka bamboyo, Achemwali anamaliza kulemba n'kudina batani. Anadikira kuti kafani kayambe kulira. Sikanalire. Yankho linali pa sikirini chala chisanachoke pa batani. Anayesa nambala zina, chimodzimodzi. Anapukuta chikhatho pa siketi n'kutumiza.

Kabwalo kanazungulira pang'ono, kenako panatuluka mawu obiriwira akuti pulogalamu yalandiridwa. Pansi pake panali uthenga woti malo apeza.

Sanakuwe, si anthu okuwa. Ananyamula khanda n'kuvina nalo pakati pa tebulo ndi makina, malo oti munthu sangatembenuke bwino, akuseka okha mpaka misozi.

Mai Wailesi anasuzumira, chipeso chili m'manja.

"Mwayamba kuseka nokha? Ndinanena ine kuti makompyutawa amazunguza mutu."

"Ndapeza malo, Mai. Ndipo mwandithandiza ndinu."

"Ine? Ndathandiza chiyani?"

"Pakamwa panupo."

"Aka n'koyamba munthu kupayamikira," anatero Mai Wailesi, akuwerama pa sikirini ngati akumva zolembedwazo. "Ndiye apongozi anu aja muwaimbira?"

Achemwali anatulutsa foni, anaiyang'ana, anayang'ananso Mai Wailesi amene phazi limodzi linali kale panja. Anaibweza m'thumba.

"Mai," anatero motsitsa mawu, "chonde, musauze munthu."