Goloboyi wa pa Njerwa

Ndikukumbukira tsiku lomwe ndinadzichititsa manyazi m'nyumba yoonetsera kanema ku Lungwena. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo poti ndinkawerenga ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa, ndinkadziyesa katswiri wa zamasewera. Tsikulo ankaonetsa mpira wa ku Amereka, wooneka ngati papaya. Mwamuna wina ataunyamula n'kuuponya kutali, ndinanyamuka n'kukuwa kuti, "Wagwira ndi manja! Refa akugona kodi?"

Nyumba yonse inafa nalo phwete.

Pobwerera, aneba athu Che Amidu, omwe anaphikirapo anthu a ku Amereka pa loji ina ku Nkope, anandikweza panjinga yawo. Akupalasa, anandiuza kuti woponya uja amamutcha kotabeki, ndipo timu imalowetsa mmodzi yekha. Anzake amakalambira pabenchi, mkono ukuchita dzimbiri. N'chifukwa chake kumeneko kuli maligi ena apadera, oseweredwa ligi yaikulu ikapuma, kuti oiwalikawo aponye mpira anthu akuona, mwina matimu akuluakulu n'kuwakumbukira.

Kenako anandifunsa kuti, "Nanga iwe mwanawe, kabudula sanabooke ndi njerwa ija?"

Ananditosa pabala. Ndinali goloboyi wachiwiri wa timu ya kusukulu, koma chilowereni sindinagwirepo mpira pamasewera enieni. Ntchito yanga inali kukhala panjerwa n'kumalondera nsapato za anzanga. Mumtima ndinali nditatsimikiza kale zosiya.

Che Amidu anati ndipite kwa ana a asodzi, omwe ankamenya chikulunga pamchenga Lachisanu lililonse anthu akatuluka ku mzikiti. Ndinaipidwa. Ine wa jezi ya sukulu, kukatsikira kwa osewera opanda malaya? Koma ndinapita, mozemba.

Magoli anali nkhafi ziwiri zozika kuseri kwa mathandala oanikira usipa. Tsiku loyamba anandimwetsa zigoli mpaka owerenga anatopa, ndipo kamnyamata kena kanandifunsa ngati manjawo ndinachita kubwereka. Koma mchenga supweteka. Ndinagwa, ndinadya mchengawo, ndinaseka, n'kudzukanso. Pofika nyengo ya mwera, thupi linkauluka lokha mutu usanaganize.

Lachisanu lina aphunzitsi athu a zamasewera anabwera kudzagula nsomba. Anaima ndi kajumbo kawo m'manja, n'kundiona ndikuphula mpira womwe aliyense anali ataukuwira kale kuti chigoli. Kenako anatembenuka n'kumapita. Sabata yotsatira nsapato za anthu anazilondera wina.

Lero ndikamawerenga za maligi a ku Amereka aja, ena akuwanyoza kuti ndi a otsalira, ine ndimangomva fungo la usipa wouma. Munthu sangaoneke luso ali chikhalire.

M'mawa wa masewera anga oyamba, Che Amidu anandiona ndikudutsa jezi ili pathupi, anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "A Refa! Lero ugwire ndi manja onse awiri. Wokuwa uja sakhalapo, ali pagolo."