Madzi Odzera Pansi pa Geti

Amai Jenala anakulira ku Katete, kumene wopatsa mlendo madzi amagwada. Atasamukira ku Silverest, mumzinda wa Lusaka, ankatsegulira geti aliyense woodira, mpaka wina wopempha madzi anawathyola dzanja n'kuthawa ndi njinga.

Chitulukireni m'chipatala satseguliranso munthu wosamudziwa, koma madzi samana. Amadzaza botolo, n'kugwada monga anawaphunzitsira makolo, n'kulikankhira pansi pa geti.

Masana ena bambo wofuna ganyu anamwa, nabweza botololo ndi phazi.

"Ba mami, nine galu ine, kunipasa manzi pansi? Imwe a mumayadi mulibe ulemu."

Kuseri kwa geti lachitsulolo, amaiwo anali chigwadire. Anagwira kiyi, dzanja lija linawakumbutsa, namusiya kiyiyo.

"Pepani, atate, muyende bwino," anatero, koma munthuyo anali atapita kale.