Duwa la ku Phoka

Sindine munthu wa maluwa. Moyo wanga wonse ndalima fodya ndi chimanga kuno ku Henga. Koma duwa limodzi linanditha mphamvu zaka zinayi.

Limamera m'dambo la kwathu ku Phoka, kumtunda kozizira. Ndi lofiirira, phesi lake limodzi, ndipo pansi limabereka timbatata ngati mazira a njiwa. Timbatatato ndi timene amayi amasinja ndi mtedza n'kuphika chinaka. Tili ana, linkadzaza dambo lonse. Nditapita kumaliro a akulu anga ndinapezamo mayenje okhaokha. Ogulitsa chinaka anali atakumba lonse. Ndinasaka tsiku lathunthu, ndinapeza mitengo iwiri. Ndinaizula ndi dothi lake n'kutsika nayo.

Chaka choyamba dzuwa la m'chigwa linawaula masamba. Ndinamanga kachisakasa. Chachiwiri ndinathirira m'chilimwe, osadziwa kuti nthawi imeneyo limagona. Mtengo umodzi unawola. Wotsalawo unakana madzi a pamjigo, ndinayamba kuusungira a mvula m'diramu. Unaphuka masamba, duwa ayi. Odutsa ankaseka kuti adada ayamba kulera udzu. Ine ndinapitiriza kuuthirira.

Chaka chachinayi masamba atauma ndinafukula. Timbatata tinali tisanu. Ndinatikwirira mumchenga m'mbale yadothi, ndinaika pansi pa nkhokwe kudikira mvula.

Sabata imeneyo kunabwera alamu anga, ang'ono awo a mayi a kunyumba, kuchokera ku Phoka. Ine ndinapita ku Phwezi kukafuna mbewu. Pobwera anandiikira chinaka cha tsabola. Ndinadya chonse.

"Yewo chomene, alamu. Chotere ndinachilawa kalekale."

"Chimene ndinanyamula chinachepa," iwo anatero akuseka, "ndiye ndawonjezera chija munaiwala pansi pa nkhokwe. Nanunso alamu, ndiwo kumazikwirira mumchenga? Mukufuna ziswe anapiye?"

Mayi a kunyumba anagwira pakamwa. Pamene alamu ankasinja, iwo anali kuchigayo.

Ndinasamba m'manja, ndinapita kunkhokwe. Ndinakhuthulira mchenga pansi n'kuusefa ndi zala, kawiri. Munalibe ngakhale kamuzu.

Alamu ananditsatira, kuseka kutatha.

"Pepani, alamu. Musadandaule chomene, kumtunda chilipo. Ndidzakubweretserani."

"Dambo liti?" ndinafunsa.

Anayamba kutchula limodzi, n'kusiya. Anatchula lina, n'kunena okha kuti kumenekonso anakumba. Ndinaima pomwepo kudikira dambo lachitatu. Sanalitchule.