Kambuzi wa ku Verulam

Maphunziro a sayansi ndinawasiya pakati, mwaulemu, koleji isanachite kundipempha. Zochepa zomwe ndinatolako ndimazigwiritsa ntchito pafakitale ina ku Umbilo, ponyamula matumba a njere za guarana, zija amagaya n'kuthira m'zakumwa zothamangitsa tulo.

Mayi wosakaniza ufawo ndiye anandiuza kuti njerezo n'zamtundu umodzi, koma za dera lina zimawawa ndi kugalamutsa munthu kuposa zinzake. Dothi, mvula, dzuwa. Ndinagwedeza mutu ngati ndinalembapo mayeso ake.

Nkhaniyi ndinakaifotokoza kwa amalume, amene ndinkagona kuseri kwa nyumba yawo ku Verulam. Iwowo pabwalo salankhula Chichewa. Ngakhale kuyetsemula amayetsemula m'Chizulu. Anali atadana kale ndi tsabola wa kambuzi amene ndinabzala m'mphepete mwa mpanda, mbewu yake yochokera ku Ntcheu m'thumba la jekete.

"Wadzimvera wekha, mphwanga," anatero. "Lino ndi dothi la nzimbe, chilichonse chimafatsa. Zula tsabolayo, anthu ayamba kufunsa kuti ngwakuti."

"Akafunsa ndiwauza, amalume."

"Eish. Akapsa ndilawa. Akapanda kuwawa, ndizula ndekha."

Woyamba kupsa ndinamulawa mobisa. Amalume sananame: ukali wake unali wa phwetekere.

Ndinakhala pansi monga katswiri, n'kukumbukira kuti kwathu kambuzi palibe amamusasatitsa. Amamera pachulu, kuseri kwa khola, dzuwa likumuphika. Ine ndinkamuthirira m'mawa ndi madzulo ngati mlendo wofunika. Ndinaleka. Mvula nayo inali itadula. Masamba anafota, ine n'kumadutsa osamupatsa moni.

Mlandu unazengedwa Lamulungu, aneba ali panja kuyanika zovala. Amalume anathyola mmodzi, n'kumuponya m'kamwa wathunthu. Anatafuna. Kenako misozi.

"Mayo ine, madzi! Iwe mwana wa mlongo wanga, wafuna kundipha?"

Chinali Chichewa chenicheni, chopanda yebo wa Chizulu ngakhale mmodzi, chomveka mpaka kumsewu. Mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda. Amalume anauma, kapu ya madzi ili m'manja. Mayiwo anangofunsa m'Chizulu ngati ndingawagawireko mbewu ya chinthu choliza munthu wamkulu chotere. Ndinawapatsa, n'kuwauza dzina lake ndi kwawo komwe, pang'onopang'ono, kuti asaiwale.

Kambuziyo alipobe pampandapo. Ndimamuthirira ndikafuna.